Zomeretsa sikuti n'zabwino pa chilichonse ayi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yafala pa Facebook ija, yoti mbewu zomeretsa zimaposa zosamera pa chilichonse. Anthu akungogawana osafunsa n'komwe kuti njere ikamamera mkatimo mumachitika chani.

Mu njere ya balere kapena tirigu sitachi sangokhala mbwee ayi, amakhala m'timaselo tambirimbiri ndipo selo lililonse lili ndi khoma lake. Makomawa amamangidwa makamaka ndi mitundu iwiri ya faiba (mbali ya chakudya imene mimba sigaya), beta-glucan ndi arabinoxylan. Mu balere wochuluka ndi beta-glucan, pafupifupi magawo 70 pa 100 a khomalo, pomwe mu tirigu zimatembenuka, wambiri ndi arabinoxylan. Ndiye njere ikamwa madzi mtima wake uja, pomwe pamatulukira mphukira, umatulutsa mankhwala achilengedwe otchedwa gibberellin, ameneyu amakadzutsa kachikopa kopyapyala kotchedwa aleurone kuti kayambe kupanga maenzayimu (timadzi togaya chakudya cha m'njeremo), koma maenzayimu odya sitachi sangamufikire bwinobwino khoma lisanagwe, ndiye khomalo ndilo limayamba kudyedwa. Kugumukako kumayambira pafupi ndi mtima n'kumalowera kunsonga inayo. N'chifukwa chake opanga chimera cha balere amafikisa njere ndi zala, ikanyenyeka ngati ufa ndiye kuti yatheka, ikatsala ndi kansonga kolimba ndiye kuti makoma akumeneko adakalipo.

Kwa ofulula mowa zimenezi n'zokoma zedi, poti beta-glucan akatsala wambiri madzi amananda kusefa n'kumavuta. Koma kwa wakudya nkhani ndi ina. Beta-glucan yemweyo ndiye faiba amene amathandiza kutsitsa kolesterol m'magazi, a FDA, bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America, amatchula magalamu 3 a beta-glucan patsiku kuchokera ku oats kapena balere. Mukameretsa masiku 4 mpaka 6 beta-glucan wambiri amakhala wapita, wotsalayo waduka tizidutswa tosanandanso, chonsecho kunandako ndiye kumagwira ntchito m'matumbomu. Arabinoxylan yekha amachita pang'onopang'ono, wina amangoyamba kusungunuka m'madzi basi. Mapira makoma ake ndi amakani, ambiri amatsala ngakhale njere itamera.

Sindikukana ubwino wake, kumeretsa kumachepetsa phytate, amene amatchinga ayironi ndi zinki, ndipo zimenezi zimalowa bwino m'thupi. Koma munthu amene akudya oats kapena balere chifukwa cha kolesterol musamunamize kuti ameretse kaye, ameneyo adye zosamera.

Ndine wowerenga wanu.