Msonkhano wa pa 14 Novembala: kuyeza shuga ndi kuphika limodzi

Mamembala a gulu lathu la odwala shuga ndi BP,

Tikumana pa 14 Novembala, tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, kuholo ya tchalitchi komwe timakumana nthawi zonse. Kuyeza shuga kuyamba 7 koloko m'mawa. Mubwere musanadye kanthu kwa maola 8, madzi okha ndiye mutha kumwa. Amene mumabaya insulin kapena kumwa mapiritsi a shuga a glibenclamide, mankhwala a m'mawa mubwere nawo, mudzabaye kapena kumwa mukayezetsa pamene tikudya, ndipo m'thumba musasowe maswiti oti muponye mkamwa shuga akatsika panjira.

Tikatero tiphika limodzi. Tionetsana kagawidwe ka mbale: theka likhale masamba monga bonongwe kapena chisoso, mbali yotsalayo nyemba kapena usipa ndi mtanda umodzi wa nsima ya mgaiwa. Mchere usapose magalamu 5 patsiku, kasupuni kakang'ono kamodzi basi.

Tikambirananso za ufa wa chamwamba ndi timabotolo togulitsidwa m'misika. Ena akumva kuti zimachotseratu shuga, mpaka kusiya mapiritsi a shuga a metformin. Chamwamba ndi ndiwo yabwino, koma sichilowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala. Chilichonse chomwe mukumwa mubwere nacho namwino adzachione, palibe adzakudzudzuleni.

Mubweretse:
- buku lanu la kuchipatala
- mankhwala onse m'mapaketi ake
- mbale, kapu ndi mpukutu umodzi wa masamba
- K3,000 ya zoyezera shuga ndi makala, mupereke kwa msungichuma

Yankhani pofika pa 10 Novembala ngati mubwera, mutchulenso ngati mubwera ndi wokusamalirani, kuti tidziwe ufa wogula.

Mlembi wa gulu