Kava yosatulutsa chinyezi imaoletsa galimoto kuposa mvula

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule ndi eni magalimoto akale kuno ku Zomba, makamaka amene alibe galaja, galimoto imagona pabwalo chaka chonse. Mitambo ikayamba kusonkhana mu Novembala anthu amathamangira kukagula kava yofunditsira galimoto, ndipo wogulitsa amamufunsa funso limodzi lokha: "Siilowa madzi imeneyi?" Funso loyenera kufunsa ndi lakuti chinyezi chikakhala kale m'kati, chituluka bwanji. Pakuti madzi amene amaononga galimoto yovundikiridwa sachokera kumwamba ayi, ambiri amachokera pansi.

Zomba ndi dera lonyowa. Mvula ya pachaka imapitirira mamilimita 1,000, ndipo ikatha mu Epulo sitipuma, chifukwa mu Juni ndi Julaye kumabwera chiperoni ndi nkhungu yotsika m'phiri. Amene amakhala cha ku Mulunguzi, ku Naisi ndi m'munsi monse mwa phiri amadziwa kuti dothi limakhala lachinyontho ngakhale kumwamba kwayera. Dzuwa likawomba pa kava, chinyezi cha m'dothi chimakwera n'kulowa kunsi kwa kavayo. Usiku chitsulo chikazizira, chinyezicho chimasanduka madontho pa penti, monga zimachitikira kunsi kwa chivundikiro cha mphika. Ngati nsaluyo siitulutsa mpweya, madonthowo sauma. Mawa dzuwa liwatenthetsanso, usiku azizirenso, mpaka miyezi.

Galimoto yatsopano imapirira zimenezi kwa kanthawi, koma yakale ayi. Mphira wa m'mphepete mwa magalasi anang'aluka, phula la kunsi linakokoloka, ndipo malo ambiri anamatidwapo fila, phala lija lotsekera malo ophwanyika, ngozi zitachitika kale. Fila amamwa madzi. Zotsatira zake ndi timatuza ting'onoting'ono pa denga ndi pa boneti, mawanga otuwa amene polishi sachotsa, ndi dzimbiri m'malo obisika: kunsi kwa zitseko, m'mphepete mwa mudigadi, m'dzenje la tayala la sipeya, ndi pansi pa galasi la kutsogolo. M'kati namo mipando, chiwongolero ndi malamba zimachita chuku, mapulagi a mawaya amabiriwira, kenako mumayamba kudabwa kuti magetsi ena akuyaka mwa apo ndi apo.

N'chifukwa chake tenti ya pulasitiki yoyanikira chimanga, lona wa pa lole ndi pepala lakuda lofolera nyumba si zofunditsa galimoto. Kwa maola ochepa, mwina pamene galasi lasweka ndipo mvula ikubwera, palibe vuto. Koma kwa sabata zingapo, bola kuisiya galimotoyo poyera kuti mphepo iziiumitsa.

Makava a m'masitolo amalembedwa manambala amene ogulitsa ambiri safotokoza. Yolembedwa PVC kapena PEVA ndi pulasitiki basi, ngakhale atamatako kansalu kofewa m'kati. Yolembedwa 170T kapena 190T, ija yopyapyala ya siliva yopindika n'kukwana m'kachikwama, imatchinga fumbi ndi dzuwa pang'ono, koma pabwalo sichedwa kufumbutuka; silivayo amayamba kusenda n'kutsalira pa penti. Nambala yotsatana ndi D imanena kunenepa kwa ulusi: 210D ndi yopepuka, 300D ndi 420D ndiye zoyenera panja, pamene 600D ndi yolimba koma yolemera, ndipo ikanyowa munthu mmodzi amavutika nayo. Chenjerani apa: D wamkulu satanthauza kuti nsalu imapuma, kapena kuti imatulutsa chinyezi. Nsalu zambiri zotere amazipaka pulasitiki kuseri. Zimene zimachita bwino kwathu kuno ndi zija zosanjikiza magawo 3 mpaka 5, zokhala ndi gawo lapakati lokana madontho a mvula koma lolola nthunzi kudutsa.

Zolemba pa paketi musazikhulupirire kwambiri, yesani nokha. Gwirani nsaluyo pakamwa mupemerere mwamphamvu, dzanja lina kuseri. Ngati masaya akungotupa osamva kanthu, mwina mwagwira pulasitiki. Njira yotsimikiza kwambiri ndi iyi: vundikirani kapu ya madzi otentha ndi nsaluyo, pamwamba musanjike tambula yagalasi yozondotsa. Tambula ikachita nthunzi pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu, nsaluyo imapuma. Kenako thirani madzi pang'ono kunja kwake muone ngati akugubuduzika kapena akulowerera. Kava yabwino imakhalanso ndi timazenera ta mpweya tovindikira, kawirikawiri cha kumtunda m'mbali, ndi misoko yosokedwa kawiri. Kokani msoko ndi manja onse. Mabowo a singano akatseguka mpaka kuonetsa kuwala, pamenepo ndi pamene idzayambire kung'ambika.

Tembenuzani muone m'kati, chifukwa mbali imeneyo ndiyo imagona pa penti. Ikhale yofewa, yosakanda mukaisisita pa tsaya. Izi n'zofunika kwambiri pa magalimoto a m'ma 1970 ndi 1980 monga Peugeot 504, Land Rover ndi ma Datsun, komanso iliyonse imene inapoperedwanso penti wopanda kiliya, gawo lija loonekera ngati galasi loteteza penti pamwamba. Kuti mudziwe, pakani polishi pang'ono pa kansalu koyera, mupukute pamalo obisika. Kansalu kakatenga mtundu wa galimoto, pentiyo alibe kiliya ndipo amaperepeseka msanga. Galimoto za m'ma 1990 zochokera ku Japan zambiri zili ndi kiliya, koma pa denga ndi pa boneti amakhala atayamba kusenda chifukwa cha dzuwa. Kava yokhakhala ikamakwecha pamenepo imamalizitsa kusendako.

Za kukula, musagule pongomva kuti M, L kapena XL, pakuti kampani iliyonse ili ndi miyeso yakeyake. Tengani tepi, yezani kuchokera ku bampala ya kutsogolo mpaka ya kumbuyo, m'lifupi, ndi kuchokera pansi kufika pa denga. Vitz ndi pafupifupi mamita 3.7, Corolla ya m'ma 1990 mamita 4.3, Hilux ya mipando iwiri imayandikira kapena kupitirira mamita 5 malingana ndi chaka chake. Ngati munaikako bulubala, keriyala ya pa denga kapena chokokera ngolo, muyeze nazo pamodzi. Kava ipitirire muyeso wa galimoto m'litali ndi m'lifupi ndi masentimita 10 mpaka 20 okha. Yothina imang'ambika pa ngodya za bampala ndi pa magalasi a m'mbali. Yaikulu kwambiri ndiye yoipitsitsa, chifukwa imakupiza ndi mphepo, ndipo kukupiza kulikonse kumakhuta fumbi pa penti. Mphepo ya mwera ikawomba sabata imodzi, mudzapeza m'mphepete mwa denga ndi pa ngodya za mudigadi penti atafwifwa, pena mpaka kuoneka wa pansi. Maonekedwe nawonso ndi nkhani: kava ya saluni siikhala bwino pa Probox kapena Sienta ngakhale utali utafanana, pakuti kumbuyo kwake n'kosiyana. Pa pikapu, ikani thabwa kapena mapaipi opingasa pamwamba pa bodi ya kumbuyo kuti kava isachite dziwe. Madzi odikha amalemera, amadutsa nsalu, ndiponso mumaswana udzudzu.

Lasitiki wa m'mphepete yekha sakwanira. Pafunika malamba osachepera awiri odutsa kunsi kwa galimoto, wina kuseri kwa matayala a kutsogolo, wina patsogolo pa a kumbuyo, okhala ndi zomangira za pulasitiki osati zachitsulo. Musamange chingwe cha nayiloni kapena mphira wa chubu mozunguliza pamwamba pa kava, chifukwa chimasiya mzere pa penti. Ngati ili ndi zipi yolowera pa chitseko, onani mbali imene ili. Makava ambiri amasokedwera maiko amene chiwongolero chimakhala kumanzere, ndiye zipi imapezeka kwa pasenjala pamene ife dalaivala amakhala kumanja. Ndipo zipiyo ikhale ndi nsalu yotchinga kuseri, apo ayi mano ake adzalemba pa chitseko. Eriyo ya wailesi itsitseni kapena imasuleni. Ikakhala yosamasuka, boolani pamalo pake n'kusokerera chigamba, osadikira kuti iboole yokha.

Mtundu sankhani woyera, wotuwa kapena wa siliva. Wakuda umamwa kutentha kwa mu Okutobala n'kuphika dashibodi imene mukufuna kuteteza.

Atelala a mumsika angathe kukusokerani yokwana bwino kuposa ya m'sitolo, bola mupite ndi galimotoyo akayeze okha. Pa Corolla pamafunika pafupifupi mamita 15 a nsalu ya mita imodzi ndi theka m'lifupi: chidutswa chimodzi chapakati kuchokera ku bampala kufika ku bampala, ndi ziwiri za m'mbali. Misoko idutse m'mphepete mwa denga, isadutse pakati pomwe madzi amakhala. Ulusi ukhale wa poliyesita, chifukwa wa thonje umaola nsalu ikadali yabwino. Ambiri amapempha telala kuti asokerere bulangete kapena nsalu za pabedi za pa kaunjika m'kati mwake. Maganizowo ndi abwino, koma osasokerera. Thonje likanyowa limasunga madzi masiku angapo. Nsalu yofewayo ikhale payokha, yoti muziyala kaye pa denga ndi pa boneti, ikanyowa muichotse mukaiyanike.

Ngakhale kava yodula bwanji imaononga ikaikidwa pa galimoto yakuda. Tsukani kaye, pukutani, dikirani mpaka madzi a m'mipata ya zitseko ndi kuseri kwa magalasi atauma. Ngati mwangofika kumene, dikirani mphindi 30 kuti injini ndi ekizosi zizizire, chifukwa nsaluzi zimasungunuka zikakhudza paipi yotentha. Pochotsa, pindirani mbali zonse pa denga, kenako kulungani kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, kuti m'kati musakhudze dothi. Lembani ndi penti nambala ya galimoto kutsogolo kwa kava: mumadziwa msanga mbali yoyambira, ndipo wakuba amavutika kuigulitsa. M'dzinja vundukulani kamodzi pa sabata tsiku la dzuwa, tsegulani zitseko, boneti ndi buti kwa ola limodzi kapena awiri, gwirani kapeti ndi dzanja mumve ngati yanyowa, ndipo tokosani ndi kawaya timabowo totulutsa madzi kunsi kwa zitseko. Kavayo muziichapa ndi madzi ozizira ndi sopo wochepa, osathira Jik, osasita, ndipo iume kotheratu musanaibwezere.

Malo oimikapo ali ndi mphamvu kuposa mtundu wa nsalu. Pa udzu kapena pa dothi ndi pamene chinyezi chimachuluka. Ngati simenti palibe, yalani pepala lakuda lija pansi, kumene ndiye kwake, n'kuthirapo kwale wokhuthala masentimita 5 mpaka 10, malowo akhale otsetsereka pang'ono. Mthunzi wa mtengo umakopa, koma paini amagwetsa utomoni, jakaranda amathothola maluwa amene amamatirira akanyowa, ndipo pansi pa mango ndi mkuyu pamakhala zitosi za mbalame ndi mileme. Zitosi zimadya penti m'masiku ochepa, ndipo zikasiyidwa pa kava zimaidyanso. Kava isakhudze pansi. Siyani mpata wa masentimita 15 kuti mphepo izidutsa. Ikafika m'dothi imamwa matope, imakhalanso makwerero a makoswe, amene amakonda mdima wa m'boneti ndi kutafuna mawaya. Musaimike pafupi ndi nkhokwe, khola la nkhuku kapena dzala. Galimoto ikakhala kuti iima mwezi wathunthu, masulani waya wa negetivu pa batire, musakoke handibuleki poopa kuti mabuleki angagwirane ndi dzimbiri. Isiyeni mu giya n'kuika njerwa ku matayala.

Pali nthawi zina zimene kava siyenera n'komwe. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku m'misewu yafumbi ya ku Jali kapena ku Chingale simungaitsuke madzulo alionse, ndiye kuifunditsa n'kungoikanda. Chotchinga dzuwa cha pa galasi la kutsogolo ndi polishi miyezi itatu iliyonse zikwanira. Galimoto yopoperedwa kumene penti idikire miyezi iwiri kapena itatu kuti penti akhwime. Ndipo a zanyengo akachenjeza za namondwe wonga Freddy wa mu Marichi 2023, chotsani kava, chotsaninso galimoto pansi pa mitengo ndi pafupi ndi mpanda wa njerwa.

Amene ali pa malo awoawo, osati a lendi, aganizire za shedi asanagule kava yachiwiri. Ya mamita 6 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2.4 kupita m'mwamba imafuna nsanamira 6 za bulugamu ndi malata 8 kapena 9 a mafiti 12, malingana ndi kukula kwa lata. Matsinde a nsanamira muwapake mankhwala a chiswe musanakwirire, dzenje lililonse likhale la masentimita 60, denga lipendekere kumbali imene madzi sangabwerere kunsi kwa galimoto, ndipo mitanda muimange ku nsanamira ndi waya kuwonjezera pa misomali. M'mbali musiye poyera. Pansi pa shedi yotere ngakhale kava yopyapyala ya 190T ija imagwira ntchito yake yotchinga fumbi popanda vuto.

Mmisiri wowongola ndi kupopera magalimoto,
Zomba