Bambo ake akuti ndiotche buku lomwe mdzukulu wanga akulikonda

Okondedwa Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale wopuma pantchito, ndipo ndikulera mdzukulu wanga wamwamuna wa zaka 12 yemwe ali mu Sitandade 7. Mayi ake adatisiya ali wamng'ono. Bambo ake, omwe ndi mwana wanga woyamba, ali ku Johannesburg komwe amagwira ntchito ya zomangamanga. Ine ndi iwowo tasemphana chichewa chifukwa cha buku, ndipo nkhaniyi yafika poti foni ikalira mtima umandigunda.

Mwanayu sankafuna kumva za kuwerenga. Ukampatsa buku, tulo pomwepo. Chingerezi chinkamuvuta, chonsecho mayeso a Sitandade 8 ali pakhomo. Chaka chatha ndikudutsa ku Limbe ndidaima pa anyamata aja amayala mabuku akale pakhonde la sitolo, n'kumugulira Treasure Island ya Robert Louis Stevenson, ija ya Chingerezi chofewetsedwa, chikuto chake chomata ndi selotepi. Bukuli lidatuluka mu 1883, ndipo lidayambira pa mapu a chilumba omwe mlembiyo adajambula posangalatsa mwana womupeza. Sindinkayembekeza zambiri. Koma tsiku lina madzulo, ndili pa mbaula, mwana adatulukira maso ali tong'o, chala chili pakati pa buku: "Agogo, wophika uja ndi chigawenga!" Adali atafika pomwe Jim Hawkins wabisala mu mbiya ya maapozi n'kumva Long John Silver, wa mwendo umodzi uja, akupangana ndi anzake zolanda sitima. Nsima adadya ataimirira. Kuyambira apo ndimachita kumulanda tochi usiku.

Atamaliza adafuna lina, ndiye ndidamugulira King Solomon's Mines ya H. Rider Haggard, ya mu 1885. Inenso ndidaliwerenga ndili mtsikana, chobwereka kwa achimwene anga, ndipo ndinkakumbukira zokoma zokhazokha: chipululu, ludzu, phanga la miyala ya dayamondi lomwe chitseko chake chamwala chidawatsekera mkati. Ndinkaganiza kuti poti nkhaniyo ikuchitika kum'mwera kwa Africa, mwana aimva ngati yake.

Adaimvadi, koma taonani mmene yatulukira. Masana ena ndidawapeza kuseri kwa nyumba akusewera. Iye ndiye Allan Quatermain, mlenje wa njovu uja, phesi la chimanga lili paphewa ngati mfuti. Ana ang'onoang'ono a oyandikana nawo nyumba adawandandalika pamzere, wina wasenza chikwama chake cha kusukulu pamutu, wina chigubu, iye ali patsogolo kulamula. Msuweni wake wamkazi adamuuza kuti akhale Gagool, nkhalamba yosaka mfiti ija, chifukwa ati malo ena a mtsikana mulibe. Mtsikanayo adanyanyala n'kupita kwawo. Nditafunsa kuti nanga Umbopa ndani, poti iyeyo ndiye mwini ufumu m'nkhanimo, onse adangoti zii. Mdzukulu wanga adayankha kuti Umbopa amayamba ali wantchito, ndiye palibe akumufuna.

Azakhali ake adajambula masewerowo pafoni, akuona ngati zoseketsa, n'kutumiza kwa bambo ake pa WhatsApp. Usiku womwewo foni idalira. Mwana wanga sadandiyankhulepo chomwecho chibadwire. Akuti iwo kumene aliko tsiku lililonse amasenza njerwa za anthu ena n'kumatchulidwa maina achipongwe, ndiye sangalole kuti mwana wawo aphunzire kusenzetsa anzake katundu. Adandikumbutsa za agogo anga aamuna omwe adali mtengatenga pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndi za John Chilembwe yemwe adalemba kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Mawu awo omaliza adali akuti, "Amayi, m'mera mpoyamba. Liotcheni."

Aphungu, sindinganame kuti akulakwitsa zonse. Ndidalitenga bukulo n'kuliwerenganso ndi maso aukalamba, ndipo muli zinthu zomwe pa utsikana zidangondidutsa. Azungu atatu afika m'dziko la Akukuana, n'kuwanamiza kuti achokera ku nyenyezi. Anthu athunthu, ankhondo olimba mtima, akunjenjemera chifukwa Captain Good akutulutsa ndi kubwezera mano ake oikirira, galasi lili pa diso limodzi, ndevu wameta mbali imodzi. Kenako azunguwo ayang'ana m'kabuku ka masiku, aona kuti kubwera kadamsana, n'kunamizira kuti ndi mphamvu zawo. Panjira amene akufa ndi antchito: Khiva aphedwa ndi njovu populumutsa bwana wake, Ventvögel afa ndi chisanu paphiri, ulendo n'kumapitirira. Ndipo msewu waukulu ndi migodi ya m'nkhanimo akuti zidamangidwa ndi alendo akalekale, maganizo omwewo amene azungu a nthawiyo adali nawo pa Great Zimbabwe, kuti munthu wakuda sakadamanga zotere. Chaka chomwe bukuli lidatuluka ndi chomwe msonkhano wa ku Berlin wogawana Africa udatha, ndipo pofika 1891 dziko lathu lino lidali m'manja mwa Britain. Haggard mwiniwakeyo adagwirapo ntchito m'boma la atsamunda ku Natal ndi ku Transvaal. Lidalembedwera anyamata a ku England, kuti azilota zodzayenda m'maiko a eni.

Komabe machesi ndikukanika kuyatsa. Ndaphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti mwana wamwamuna akagwira buku mwa yekha, popanda chikwapu kapena lonjezo la switi, ndi mwayi wosabwera kawiri. Teremu yapitayi Chingerezi adakhoza bwino koyamba, ndipo aphunzitsi ake adachita kundifunsa kuti ndamudyetsa chiyani. Komanso m'buku lomwelo muli zina zomwe bambo ake sakuzikumbukira. Umbopa akuonetsa chizindikiro cha njoka chomwe chili m'chiuno mwake, adziwika kuti ndi Ignosi, alanda ufumu kwa Twala, mfumu ya Akukuana, ndipo potsanzikana auza azunguwo maso ndi maso kuti sadzalola mzungu wina kulowa m'dziko lake, kaya wamalonda wa mfuti ndi mowa, kaya wolalikira. Ndidamuwerengera mdzukulu wanga gawo limeneli mokweza. Adakhala chete, kenako n'kufunsa kuti nanga bwanji nkhaniyo akuifotokoza ndi Quatermain osati Ignosi. Funso limeneli lidandisangalatsa kuposa malikisi aja. Koma mawa lake phesi lidali paphewa ngati kale.

Ndayesa kufunafuna mabuku ena a maulendo oopsa omwe ngwazi yake ndi mnyamata wonga iye, wa ku Mulanje kapena wa kunyanja, koma m'malo momwe ndayenda ndikungopeza mabuku a sukulu ndi a mapemphero. Nthano zomwe ndimamusimbira madzulo akuti n'za ana. Pano akundivutitsa kuti mnzake wamuuza za The Coral Island ndi Robinson Crusoe, ndipo ndikudziwa kuti namonso muli anthu a mitundu ina ogwadira mzungu.

Bambo ake abwera pa Khirisimasi, ndipo anenetsa kuti asadzalipeze m'nyumba. Mwana ndi wawo, fizi amalipira ndi iwo, ndipo sindifuna kuti mwanayo aone agogo ake akunyozera mawu a bambo ake. Bukulo pakadali pano ndalibisa m'sutikesi pansi pa zitenje, ndipo mwana ndamuuza kuti ndikulisoka chikuto, bodza lomwe silingapitirire sabata ino.

Ndichite bwanji, Aphungu? Ndimvere bambo ake, kapena ndilimbe mtima ndiwapemphe kuti akabwera adzakhale naye pansi aliwerenge limodzi, iwo adzamuuze okha zomwe zikuwapweteka? Nanga ngati mukudziwa mabuku oti mnyamata wa msinkhu uwu angawakonde chimodzimodzi, olembedwa ndi anthu a kuno ku Africa, chonde nditchulireni maina ndi komwe ndingawapeze.

Ine,
Gogo wothedwa nzeru,
Chiradzulu