Tisamangogoma ndi zithunzi za Hubble, tidziwenso amene amaisamala

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsako kadanga. Ndalemba chifukwa cha zithunzi za kuthambo zimene mumatiikira nthawi zina, zija zojambulidwa ndi telesikopu ya Hubble ndi inzake ya James Webb. Ndi zokongola zedi ndipo chonde musasiye, ana a kuno ku Chinamwali amazidula n'kumamata m'makope awo. Koma chomwe chimandidandaulitsa n'chakuti nthawi zonse mumangotiuza kuti asayansi apeza chakuti, asayansi aona chakuti, osatchulako olo pang'ono anthu amene amasamala chipangizocho kuti chizigwirabe ntchito. Ineyo ntchito yanga ndi yokonza ndi kusamala zipangizo za mu labu, ma maikulosikopu, masikelo, mamita oyezera magetsi ndi zina zotero, nde nkhaniyi imandikhudza kwambiri.

Hubble anaikweza m'mlengalenga pa 24 Epulo 1990 pa chombo cha Discovery. Imazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 500 kuchoka pansi pano ndipo ulendo umodzi imaumaliza m'mphindi pafupifupi 95 basi. Galasi lake lalikulu ndi la mamita 2.4 m'mimba mwake. Koma atangoyamba kujambula, zithunzi zinkabwera za mbuu, nyenyezi iliyonse itazunguliridwa ndi kachifunga, ndipo anthu ku America anakwiya kwambiri poti ndalama zinali zitapita zambirimbiri. Atafufuza anapeza kuti galasilo analipala mopitirira m'mphepete mwake ndi ma micron pafupifupi 2, kanthu kochepetsetsa moti tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa kuposa pamenepo maulendo ngati 50.

Apa mpamene ndikufuna anzanga a ntchito zamanja amvetsetse. Opala galasi aja, a kampani ya Perkin-Elmer, sikuti anali osadziwa ntchito ayi, analipala mosamala kwambiri motsatira zomwe chipangizo chawo choyezera chinkawauza. Vuto linali mu choyezeracho, kagalasi kena m'kati mwake anakaika posemphana ndi malo ake ndi mamilimita 1.3. Ndipo panali zoyezera zina ziwiri zomwe zinkaonetsa kuti china chake sichili bwino, koma anazinyozera poganiza kuti chachikulucho ndiye cholondola. Ine ndikamauza anthu kuti sikelo ya mu labu imafunika kuiyeza kaye ndi miyala yoyezera yodziwika kulemera kwake musanayambe kuikhulupirira, ena amaona ngati ndikuwachedwetsa, koma taonani zomwe zinachitika kumeneko, anthu ophunzira kwambiri, ndalama zilipo, choyezera chimodzi chosayezedwa bwino chinawononga zaka zitatu za ntchito.

Chomwe chinapulumutsa Hubble n'chakuti kuyambira pa pulani pomwe anaipanga yoti izitheka kukonzedwa ili mumlengalenga momwemo. Anaiikira zitseko, zogwirira m'mbali kuti munthu wovala chisuti cha mumlengalenga azitha kuyendapo, ndipo zipangizo zake zambiri anaziika m'mabokosi oti ukhoza kusolola n'kulowetsapo lina. Mu Disembala 1993 chombo cha Endeavour chinapita, ma astronaut anatuluka panja maulendo asanu, anachotsa chipangizo chimodzi kuti papezeke malo a bokosi lotchedwa COSTAR lomwe linali ndi timagalasi ting'onoting'ono tobweza kulakwika kuja, anaikanso kamera yatsopano ya WFPC2 yokhala ndi timagalasi take totero, n'kusinthanso ma sola. Mu Julayi 1994 telesikopu yomweyo inajambula bwinobwino zidutswa za comet (nyenyezi ya mchira) ya Shoemaker-Levy 9 zikumenya pulaneti ya Jupiter. Mu Disembala 1995 inayang'ana kamalo kamodzi ka thambo kooneka ngati kopanda kanthu kwa masiku 10, n'kutulukamo milalang'amba pafupifupi 3,000, chija amati Hubble Deep Field. Zonsezi zikanatheka bwanji popanda anthu ogwira sipanala aja?

Anapitako kasanu konse, 1993, 1997, 1999, 2002 ndi 2009. Ulendo wa 1999 unali wa changu chifukwa cha ma gyro. Awa ndi timawilo tozungulira mothamanga kwambiri timene timauza telesikopu kuti yatembenuka bwanji, alipo 6 ndipo nthawi imeneyo pankafunika atatu kuti ntchito iyende. Wachinayi atafa mu Novembala 1999 telesikopu inatseka chivindikiro chake n'kusiya kujambula, mpaka anthu anafika mu Disembala n'kusintha onse 6. Ndipo sanangosintha n'kuiwala, anafufuza chomwe chinkawapha, anapeza kuti ndi timawaya topyapyala kwambiri tam'kati mwake timene tinkadyeka n'kuduka, ndipo kapangidwe ka atsopano anakasintha potsatira zimenezo. Ife kuno chinthu chikafa timangoti chafa basi, palibe amene amalemba kuti chafa ndi chiyani.

Koma ulendo umene umandisangalatsa kwambiri ndi wa Meyi 2009 pa chombo cha Atlantis. Unatsala pang'ono kulephereka, chifukwa chombo cha Columbia chitaphwasuka pa 1 Febuluwale 2003 n'kupha anthu 7, a NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, mu 2004 anati basi ku Hubble sitipitanso, n'zoopsa. Anthu anadandaula kwambiri mpaka mu 2006 anasintha maganizo, ndipo pa tsiku lonyamuka chombo china cha Endeavour chinali chilili chikudikira kuti ngati zitavuta chikawapulumutse. Pa ulendo umenewo panali chipangizo chotchedwa STIS, chomwe chimagawa kuwala kwa nyenyezi m'mitundumitundu kuti akatswiri adziwe kuti kumeneko kuli mipweya yanji komanso zinthu zikuthamanga bwanji. Chinafa mu Ogasiti 2004 chifukwa cha gawo lopereka magetsi, ndipo m'kati mwake sanapange moti munthu n'kutsegulamo ali mumlengalenga. Kuti afike pa kadi yowonongekayo pankafunika kumasula timasikuluwu 111, ndipo kumeneko kasikuluwu kakapulumuka m'manja sikagwa pansi ayi, kamayandama ndipo kakhoza kulowa m'kati mwa telesikopu n'kuwononga zinthu. Nde mainjiniya anakhala pansi n'kupanga chimbale choonekera chokhala ndi timabowo, choti sikuludilaiva izilowa koma kasikuluwu kakamasuka kazitsekeredwa momwemo. Tsiku la ntchitoyo a Mike Massimino anapeza kuti bawuti imodzi ya chogwirira chomwe chinkatchinga njira yatha mutu, siikumasuka, ndipo anthu a pansi atayesa kaye pa chogwirira chofanana nacho anawauza kuti angochikoka mwamphamvu chithyoke. Chinathyokadi, ntchito inapitirira, STIS inadzuka. Ulendo womwewo anakonzanso kamera ya ACS yomwe inavuta mu 2007, anaika zipangizo ziwiri zatsopano za WFC3 ndi COS, ma gyro 6 atsopano, komanso anasintha mabatire omwe anali atagwira ntchito zaka 19 chiikireni. Zaka 19 a Mkonzi, batire! Zimenezo zimatheka pokhapokha pali anthu amene tsiku ndi tsiku akuyang'anira mmene likutchajira ndi mmene likutenthera.

Chiyambire 2011 zombo za shuttle, monga Discovery, Endeavour ndi Atlantis zija, zinasiya kuuluka, nde palibenso munthu amene wakhudzapo Hubble ndi dzanja kuchokera 2009 muja. Koma kusamala sikunathe, kukuchitikira pansi pano, ku Goddard Space Flight Center ku Maryland komwe amaiyendetsa ndi ku Space Telescope Science Institute ku Baltimore komwe amakonza ndondomeko ya zoti ijambule. Ndipo ndondomekoyo si yapafupi. Pa ulendo uliwonse wozungulira, dziko lenilenili limatchinga chinthu chomwe akuyang'anacho kwa kanthawi ndithu. Saloledwa kuilozetsa pafupi ndi dzuwa kuopa kuwononga zam'kati. Ikamadutsa chigawo china pamwamba pa nyanja ya Atlantic chakum'mwera chomwe amachitcha South Atlantic Anomaly, komwe kuli tizinthu tamphamvu tambiri tomenya zipangizo zamagetsi, kujambula kumaima kaye. Pamwamba pa zonsezo nthawi ina amaipatula dala kuti ikhale yoyezera zipangizo, amajambula kamera ili yotseka kuti aone timadontho tabodza tomwe kamerayo imatulutsa payokha, amajambula nyenyezi zodziwika kale kuwala kwake kuti aone ngati kamera ikunenabe zoona, ndipo pafupifupi mwezi uliwonse amazifunditsa pang'ono kamera zina kuti timadontho towonongeka tibwerere m'malo. Chithunzi chokongola chimene mumatiikira chija chimakhala chitadutsa m'manja mwa anthu onsewa.

Mu Juni 2021 kompyuta yoyendetsa zipangizo za sayansi inaima, kwa mwezi wathunthu telesikopu sinajambule kanthu. Anachita kuitana ena mwa anthu amene anaimanga omwe anali atapuma kale pa ntchito, anafukula mapepala akale a zaka za m'ma 1980, mpaka pakati pa Julayi anasamukira ku zida za sipeya zomwe zinali kale m'katimo. Mapepalawo anali atasungidwa, ndipo achikulirewo anawalemekeza n'kuwafunsa nzeru. Mu Juni 2024 ma gyro atatsala ochepa anaganiza zoti izigwiritsa ntchito mmodzi yekha wina akhale wosungira mtsogolo, imachedwa pang'ono potembenuka ndipo zinthu zapafupi kuposa Mars siingazitsatire, koma ikugwirabe ntchito zaka zoposa 30 chiikwezereni.

James Webb ndiye ina nkhani, anaikweza pa 25 Disembala 2021 ndipo ili kutali makilomita pafupifupi 1.5 miliyoni, kumene panopa munthu sangafikeko ndi sipanala. Mu Meyi 2022 kamwala kakang'ono kanamenya chimodzi mwa zigawo 18 za galasi lake, anachita kusuntha zigawozo ali pansi pano kuti achepetse vutolo, kenako anasintha ndondomeko kuti isamayang'ane kwambiri mbali yomwe timiyalato timabwera mwamphamvu.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Sinditchula malo, koma aliyense amene analowapo mu sitolo ya labu ya sukulu kapena chipatala akudziwa zomwe ndikunena. Makina amabwera ndi mwambo, zithunzi, kuwomba m'manja, koma buku lake la malangizo silioneka kapena wina wakalitsekera mu ofesi, masipeya palibe, mu bajeti mulibe olo kandalama ka sevisi, ndipo tekinishani amene adzavutike nawo sanafunsidwe n'komwe pogula. Kuno ku Zomba nthawi ya dzinja chinyontho chimachuluka makamaka kufupi ndi phiri, magalasi a maikulosikopu amamera nkhungu m'kati ngati simukuwasunga pouma, ndipo kapaketi ka silica gel koyamwa chinyontho kapena kabati yokhala ndi kababu kofunditsa n'zinthu zotchipa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa maikulosikopuyo. Ndaonapo makina abwinobwino atakhala pakona zaka chifukwa cha fyuzi kapena babu, ena anapsa magetsi atabwera mwamphamvu chifukwa panalibe chotetezera, ana n'kumalemba mayeso a pulakitiko ndi chipangizo chomwe anangochiona pa chithunzi. Zimandipweteka mtima kwambiri, chifukwa mwana amene sanaonepo kachilombo pa maikulosikopu ndi maso ake sitingamuyembekezere kuti adzaikonde sayansi. Ndipo achinyamata ambiri amaona ntchito yathuyi ngati ya anthu amene zinawakanika kwina, chonsecho ku NASA komweko tangoona kuti popanda anthu otere Hubble ikanathera mu 1990 momwe muja.

Chinanso chomwe owerenga ambiri sadziwa n'chakuti zomwe Hubble yajambula zimasungidwa mu nkhokwe yotchedwa MAST ndipo pakapita kanthawi aliyense akhoza kuzitenga pa intaneti ulere, wophunzira wa fizikisi pa University of Malawi pompano akhoza kuchitira kafukufuku ndi zimenezo ali ku Chikanda, chachikulu ndi bando ndi kompyuta yabwinoko. Ngakhale kupempha nthawi yoti telesikopu ijambule chomwe ukufuna n'kololedwa kwa katswiri wa dziko lililonse, ndipo kuyambira 2018 oweruza mapemphowo saona dzina la wopempha, amangoona ganizo lake. Komanso njira ya Hubble inapendekeka ndi madigiri 28.5 pomwe Zomba ili pa madigiri 15 kum'mwera, kutanthauza kuti imadutsa pamwamba pathu penipeni ndipo masiku ena kukangoda kapena m'mbandakucha imaoneka ndi maso ngati kanyenyezi koyenda, webusaiti ya Heavens-Above imaonetsa nthawi yake mukalowetsa malo omwe muli. Aphunzitsi a sayansi a ku Domasi, Songani, Thondwe ndi kwina angathe kutulutsa ana panja kuti aione, n'kuwafotokozera nkhani ya timasikuluwu 111 tija.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi, mukamaika chithunzi china cha kuthambo muziikako ndime imodzi yonena kuti chajambulidwa ndi chipangizo chiti, chinaikidwa liti, ndipo chinakonzedwapo bwanji. Komanso mtolankhani wanu akamapita ku mwambo wolandira makina, kaya ku sukulu kaya ku chipatala, azifunsa kuti sevisi yake azipanga ndani, masipeya azichokera kuti ndipo ndalama yake ili pa mzere uti wa bajeti, kenako pakatha chaka abwerereko akaone ngati makinawo akuyakabe, ndipo ulendo umenewo akacheze ndi tekinishani wa pamalopo.

Ine wanu wowerenga,
Wokonza zipangizo za mu labu,
Chinamwali, Zomba