Kalata yotseguka kwa Mfumu ya Mzinda wa Johannesburg: nyumba za lendi ya R2,100 zija zili kuti?

Bwana Meya,

Ndakulemberani poyera chifukwa makalata awiri amene ndinapereka kwa khansala sanayankhidwe, ndipo kumsonkhano anangotiuza kuti nkhaniyi ili m'manja mwa akuluakulu. Akuluakuluwo ndinu.

Ndine mayi wochokera ku Malawi. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Rosebank, ndimagona ku Yeoville. Mwini fulati anagawa pabalaza ndi matabwa, nkupanga tizipinda tinayi. Kanga kamakwana matilesi amodzi ndi chikwama, chitseko chake ndi katani. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 amalemba za kusukulu atatsamiza kope pamaondo, woyandikana naye akukazinga anyezi kuseri kwa thabwa. Magetsi akazima kandulo amayaka m'kachipinda kalikonse, pafupi ndi makatani omwewo. Usiku geti la pamasitepe amalikhoma ndi loko poopa akuba, kiyi ali ndi munthu mmodzi. Ine tulo sindimationa bwino, ndimangonunkhiza ngati kukubwera utsi. Pamalo amenewa ndimalipira pafupifupi theka la malipiro anga.

Mukudziwa chimene ndikuopa. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso, pa 80 Albert Street ku Marshalltown, inapsa ndi kupha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Nyumbayo inali ya khonsolo. Komishoni yofufuza za motowo, yotsogozedwa ndi woweruza wopuma mayi Sisi Khampepe, inapeza kuti mzinda uli ndi mlandu posatsata malamulo ake omwe. Opulumuka ambiri anakawaika m'tinyumba ta malata ku Denver, dera la mu Johannesburg momwemuno. Palibe amene analowa m'nyumba ija chifukwa choikonda, bwana. Kunalibe kwina kumene ndalama zawo zikanakwana.

Komatu lamulo lilipo. Mu 2019, a Herman Mashaba ali meya, khonsolo inavomereza kuti amene akupempha chilolezo chomanga nyumba 20 kapena kuposerapo pamalo amodzi, apatule 30 pa 100 zilizonse kuti zikhale za anthu opeza zochepa. Tinamva za lendi yosapitirira R2,100 pamwezi, mitima inakhala pansi. Chimene sichinamveke bwino nchakuti womanga ali ndi ufulu wosankha njira ina: kungomanga tizipinda ting'onoting'ono, ta masikweya mita 18 mpaka 30, lendi nkuika imene akufuna. Walandira chilolezo chomanga zochuluka, lamulo walikwaniritsa papepala, koma kachipinda kakang'ono ka ku Rosebank sikatsika mtengo chifukwa chochepa. Ndimadutsa pansi pa nyumba zosanja zatsopanozi m'mawa uliwonse. Ndinafunsapo mtengo kamodzi, ndinabwerera pakhomo.

Malonjezo ndiye tamva ambiri. A Parks Tau, ali meya mu 2013, anabwera ndi ndondomeko ya Corridors of Freedom, akuti anthu azikhala pafupi ndi ntchito m'mbali mwa njira za mabasi a Rea Vaya. Za kukonzanso nyumba zosiyidwa zam'tauni timazimva chaka ndi chaka. Nyumba za JOSHCO, kampani ya khonsolo ya nyumba za lendi yotsika, zilipo, koma ofuna ndi ochuluka, ndipo ambiri a ife obwera sitikwanira pa mapepala amene amafuna. Sindikupempha nyumba yaulere. Lendi ndimalipira, sindinaphonyepo mwezi, ndipo mnzanga wa kuseri kwa thabwa uja ndi nzika ya dziko lino, wochokera ku Limpopo.

Choncho ndikupemphani mwaulemu, koma mtima ukuwawa: tsekani mpata umenewu. Nyumba iliyonse yowerengedwa mu 30 pa 100 zija ikhale ndi malire a lendi olembedwa, ndipo pakhale woyendera kuona kuti akutsatidwa. Lengezani poyera kuti chiyambire 2019 nyumba zotere zamangidwa zingati, zili kuti, akukhalamo akulipira zingati. Ndipo nyumba za khonsolo zimene zikungowonongeka m'tauni muzipereke kwa omanga pokhapokha atavomera lendi yoti wantchito ya m'nyumba ndi mlonda angakwanitse.

Ngati mukukayika, tumani munthu ku Yeoville usiku, geti atakhoma, adzaone mmene tingatulukire.

Ine,
Mayi wokhala ku Yeoville