Mbewa zothamanga usiku si umboni wokwanira pa nkhani ya tulo ta anthu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndithirire ndemanga pa malangizo amene afala masiku ano, onena kuti munthu wosowa tulo angoyamba masewera olimbitsa thupi ndipo nthawi yake yogona idzakhazikika yokha. Malangizowa ali ndi maziko ndithu, koma umboni woyamba wa mmene masewera amasunthira nthawi yogona ndi yodzuka unachokera ku makoswe, mbewa ndi tinyama tina ta mtundu womwewo tosungidwa m'makola a m'mayunivesite, ndipo amene amafalitsa malangizowa kawirikawiri satchula kuti tinyamati timagona masana n'kudzuka usiku.

Nyama zoyamwitsa, kuphatikizapo anthu, zili ndi wotchi ya m'thupi imene imalamulira nthawi yogona, yodya ndi yoyendayenda. M'chaka cha 1972, magulu awiri a akatswiri ku America, lina la Robert Moore ndi Victor Eichler, lina la Friedrich Stephan ndi Irving Zucker, anaonetsa kuti kachigawo kakang'ono ka mu ubongo kotchedwa suprachiasmatic nucleus kakawonongeka, khoswe amataya ndondomeko yake ya tsiku. Wotchi imeneyi imayendabe ngakhale nyama ikhale mumdima wosalekeza, kungoti kuzungulira kwake sikukwana maola 24 ndendende, choncho kuwala kolowa m'maso ndiko kumaikonza tsiku ndi tsiku.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1920, pamene Curt Richter ankafufuza makoswe ku yunivesite ya Johns Hopkins, gudumu lozungulira loikidwa m'khola lakhala chida chachikulu choyezera ndondomekoyi. Mbewa imakwera pa gudumulo mwa kufuna kwake ndipo imatha kuthamanga makilomita angapo usiku umodzi, makina akulemba nthawi imene yayamba ndi imene yaleka. Kwa zaka zambiri akatswiri ankaliona gudumuli ngati choyezera chabe, mpaka pamene anazindikira kuti mbewa ndi makoswe okhala ndi gudumu mumdima amakhala ndi tsiku la wotchi ya m'thupi lofupikirapo kusiyana ndi anzawo opanda gudumu. Choyezeracho chinali kusintha chinthu chimene chinkayezedwa.

Amene anatsatira nkhaniyi mwakhama ndi Nicholas Mrosovsky wa ku yunivesite ya Toronto ku Canada. M'chaka cha 1987, iye ndi mnzake anafulumizitsa ndi maola 8 nthawi yoyatsa ndi kuzimitsa magetsi m'makola a tinyama tofanana ndi mbewa totchedwa hamster, monga zimachitikira munthu akaulukira kum'mawa pa ndege. Tina anatisiya, koma tina anatiika pa gudumu lachilendo kamodzi kokha pakati pa nthawi imene timayenera kukhala mtulo. Timene tinathamangato tinazolowera nthawi yatsopano mofulumira kuposa kawiri poyerekeza ndi tinzake. Mu 1991, Dale Edgar ndi William Dement a ku yunivesite ya Stanford anaonetsa kuti mbewa zokhala mumdima, zikamatsegulidwira gudumu pa ola lomwelomwelo tsiku lililonse, wotchi yake imagwirizana ndi olalo popanda thandizo la kuwala.

Mfundo imene imatayika pofalitsa zotsatirazi ndi ya nthawi. Mwa hamster, kuthamanga kumasuntha wotchi kwambiri kukachitika pakati pa usana, nyamayo itadzutsidwa pa tulo take, pamene kuthamanga kwa usiku, nthawi imene imakhala maso kale, sikusintha zambiri. Aliyense amene anakumbapo mbewa m'munda m'nyengo yachilimwe akudziwa kuti masana zimapezeka zili phee kuuna, ndipo usana wa mbewa umafanana ndi pakati pa usiku pa munthu. Tikati titsatire zotsatirazi monga zilili, ndiye kuti tikulangiza anthu kudzuka pakati pa usiku kukathamanga, zimene palibe dokotala angavomereze.

Palinso funso loti kodi chimene chimasuntha wotchi ndi kuthamangako kapena kudzutsidwa. Michael Antle ndi Ralph Mistlberger a ku yunivesite ya Simon Fraser anapeza mu 2000 kuti kungoletsa hamster kugona masana poikhudzakhudza modekha, popanda kuthamanga kwenikweni, kumasunthanso wotchi yake. Kwa ine zotsatira zimenezi n'zolemera kuposa zina zonse, chifukwa zikusonyeza kuti ubongo umalabadira kukhala maso pa nthawi yosayenera, ndipo gudumu ndi njira imodzi chabe yochititsira zimenezo. Uthenga wa kukhala masoko umafika ku wotchi kudzera m'mankhwala a mu ubongo otchedwa neuropeptide Y ndi serotonin, njira yosiyana ndi imene kuwala kumadzera.

Ena amatsutsa kafukufuku yense wa mtunduwu ponena kuti kuthamanga pa gudumu ndi khalidwe la nyama yotopa ndi kutsekeredwa. Johanna Meijer wa ku Leiden, m'dziko la Netherlands, ataika magudumu kutchire anaona mbewa zakutchire zikukwerapo zokha, ngakhalenso achule, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2014. Chitsutso champhamvu kuposa chimenecho chikuchokera kwa khoswe wina wa mu Africa muno wotchedwa Arvicanthis niloticus, amene amayenda masana ngati ife. Gulu la Laura Smale ku yunivesite ya Michigan State linapeza kuti makoswe ena a mtunduwu akapatsidwa gudumu amasanduka oyenda usiku, pamene ena amapitiriza kuyenda masana. Ngati makoswe a mtundu umodzi, okhala m'makola ofanana, amasiyana chonchi, sindikuona chifukwa choyembekezera kuti lamulo limodzi likwanire mlimi, mwana wa sukulu ndi mlonda.

Tiyeneranso kudziwa kuti wotchi si imodzi yokha m'thupi. Mu 2012, Gretchen Wolff ndi Karyn Esser a ku yunivesite ya Kentucky anaonetsa kuti mbewa zikamathamanga pa nthawi yoikika, wotchi ya m'minofu imasuntha pamene ya mu ubongo imakhala pomwepo ikutsatira kuwala.

Kwa anthu umboni ulipo, ngakhale ndi wochepa. Kafukufuku wa Shawn Youngstedt ndi anzake, wosindikizidwa mu 2019, anapeza kuti masewera a cha m'ma 7 koloko m'mawa kapena pakati pa 1 koloko ndi 4 koloko masana amafulumizitsa wotchi, pamene a pakati pa 7 koloko ndi 10 koloko usiku amaichedwetsa. Izi zikutanthauza kuti namwino kapena mlonda wogwira ntchito usiku angapindule ndi nthawi yomweyo imene ingavutitse wophunzira woyenera kulawira m'mawa. Pempho langa kwa atolankhani anu olemba za umoyo ndi lakuti, akamatiuza za kafukufuku wa mtunduwu, azitchula nyama imene inagwiritsidwa ntchito, ngati ndi yoyenda usiku kapena masana, ndiponso ola limene inathamanga.

Wowerenga nyuzipepala yanu,
Zomba