Mano anga andisowetsa tulo, chinkhoswe chili pafupi

Azakhali,

Ndikulemba kalatayi cha m'ma 1 koloko usiku, tulo tandithawa. Mano akutsogolo akuyayamira moti mpweya ukangolowa m'kamwa ndimamva ngati akundibaya ndi singano. Ndine mtsikana wa zaka 26, ndimalandira alendo pa loji ina m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi. Dzina langa musalilembe chonde.

Mano anga ndi ofiirira chiyambire ndili mwana. Si uve ayi, Azakhali, zimenezi ndikufuna zimveke. Ndimatsuka m'mawa ndi madzulo. Makala ndinayesa, phulusa ndinayesa, ngakhale soda wothira mu therere ndinasakanizapo ndi mandimu, koma ayi ndithu. Tonse amene tinakulira madzi a pamjigo wa kumudzi kwathu mano athu ndi otero, ndipo kumeneko palibe amene amadabwa nazo.

Bwenzi langa lili ku Joni, chino ndi chaka chachitatu. Akubwera mu Disembala kuti tidzachite chinkhoswe. Mu Ogasiti ndinapita ku ukwati wa msuweni wawo kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi. Tikudya mpunga, wina ananena zoseketsa, ine n'kuseka osatseka pakamwa monga ndimachitira masiku onse. Pomwepo alamu anga, mchemwali wawo weniweni, anati, "Koma achimwene akudziwa kuti akutenga wamano adzimbiri?" Anthu onse pamkeka paja anaseka. Chonsecho chitenje chimene anavala tsiku limenelo chinali changa, mpaka lero sanandibwezere, ndipo kabaza yemwe tinakwera popita ndinalipira ndine. Sindinayankhe. Mpunga uja sindinaumalize.

Patangotha milungu itatu katundu wochokera kwa bwenzi langa anafika kudzera kwa transipota: sopo, mafuta odzola, nsapato, ndipo pansi penipeni kabokosi ka mankhwala oyeretsera mano. Iwo sanandiuzepo kanthu za kabokosiko, pafoni kapena pa WhatsApp. Ndani anawauza? Ndinalira tsiku limenelo, komabe usiku womwewo ndinakatsegula.

M'katimo munali timapulasitiki tiwiri toti uviike m'madzi otentha kenako uluma kuti titenge maonekedwe a mano ako, ndi timajakisoni topanda singano ta mankhwala a phalaphala. Analembapo kuti carbamide peroxide 22%. Kapepala kake kamati uvale kanthawi kochepa patsiku. Apa ndivomere, ine ndinkagona nato usiku wonse, masiku 9 otsatizana, komanso ndinkadzadza mankhwalawo mpaka kusefukira. Ndinkaona kuti Disembala wayandikira. Mukanakhala inu mutasekedwa pagulu mukanadekha? Timapulasitikito sitinagwire bwino, mankhwala ankatayikira mu nkhama, ndipo m'mawa ndinkapeza nkhama zatuwa mbuu ngati zapsa ndi madzi otentha. Pano madzi a mufiriji sindingamwe, ndi kutentha kwa Mangochi kuno. Tiyi ndimadikira azizire kaye.

Ndinapita kuchipatala cha mano. Amene anandiona anandiuza kuti vuto langa ndi fluorosis, limabwera mwana akamamwa madzi okhala ndi mchere wotchedwa fluoride wochuluka pamene mano akupangika, asanafike zaka 8. Anati madzi akumwa sayenera kupitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, ndipo mawangawo ali m'dzino momwemo, si litsiro loti n'kulichapa. Anandilamula kuti ndisiye mankhwalawo, ndizitsukira mankhwala a mano osachedwa kuyayamira. Anayankhula mothamanga, anthu anali ambiri pamzere, ndinalephera kufunsa zambiri.

Chikundipweteka kwambiri ndi ichi. Ndili ku sekondale dzino langa limodzi lakutsogolo linabenthuka ndipo anandimata. Sindinkadziwa kuti mankhwalawa sayeretsa chomatira. Tsopano mano ena ayerako pang'ono, madontho oyera awala kwambiri, mawanga ofiirira akadalipo, ndiye chomatira chija chikuonekera patali. Pagalasi ndikuona mitundu itatu m'kamwa mmodzi. Kuntchito alendo ndikuwalonjera nditaweramitsa mutu.

Pali chinanso chimene sindinauze munthu. Zithunzi zimene ndakhala ndikutumizira bwenzi langa zaka zonsezi ndimayamba ndazikonza pafoni. Chifukwa chake sindingathe kuchifotokoza pano, pali zimene ndinamva za akazi a kumeneko. Koma iwo anandifunsira akundiona ndi maso, mano anga ali omwewa, ndiye ndinawanamiza pati? Dzulo anafunsa kuti, "Zija zikuyenda?" Ndinayankha kuti eya. Nditadula foni ndinatenganso timapulasitiki tija, ndinatigwira nthawi yaitali, kenako n'kutibwezera m'kabokosi. Mankhwala atsala majakisoni awiri.

Azakhali, ndithandizeni. Kodi kuyayamiraku kudzatha kapena mano ndawaononga? Chomatira chija angachisinthe kuti chifanane ndi enawa Disembala asanafike, ndipo zimenezo n'zotheka konkuno kapena mpaka ku Blantyre? Nanga ndiwauze zoona bamboyu, kapena ndiyambe ndawafunsa amene anawatuma kugula kabokosiko? Mayi anga akuti ndingokhala chete, banja ndi kupirira, koma iwo panalibe pamkeka paja. Alamu anga amenewa ndi amene adzakhale kutsogolo pa chinkhoswe changa. Ndidzaseka bwanji iwo akundiyang'ana m'kamwa?

Ine wosowa mtendere,
Mangochi